Bokosi la sabuwufa lomwe lingapirire chiperoni cha ku Mulanje

Bokosi langa loyamba la sabuwufa, sipika yaikulu ya besi ya m'galimoto, linangokhala miyezi 7 basi. Ndinalipanga mu Disembala, pofika mu Julaye linali litatha ntchito. Tsiku lomwe ndinazindikira ndinali pa Chitakale, nditatsegula buti ya Probox kuti tikwezemo nanazi za alamu anga. Pokankhira bokosilo pambali ndinaona kapeti ya m'munsi mwake itatukumuka. Nditadinikiza ndi chala, thabwa linalowa ngati buledi woviika mu tiyi. MDF ya mamilimita 18, thabwa la kufakitale la utuchi wofinyidwa ndi guluu lomwe ndinapangira bokosilo, inali itafufuma m'mphepete monse, ndipo sikuluwu imodzi ya pakona ndinaizula ndi zala zokha. Fungo lomwe linatuluka m'katimo linali la nkhungu.

Kunena zoona, besi inali itasintha kale masabata angapo m'mbuyomo. Inkamveka yopepera, ndipo ndikakweza voliyumu pankamveka kaphokoso ka fuu fuu ngati munthu wa mphumu. Ine ndinkaloza chala ampulifaya, mpaka ndinasintha mawaya. Chonsecho mpweya unkathawira m'makona momwe guluu anali atalekana ndi thabwa lofufumalo.

Madziwo ankachokera kuwiri. Labala ya chitseko cha buti inali itatha, ndiye mvula ikagwa madzi ankalowa pang'onopang'ono n'kukakhazikika pansi, pafupi ndi tayala la sipeya. Kwinako ndi kwathu komwe kuno. Amene anakhalako ku Mulanje kapena ku Thyolo akudziwa chiperoni: kuyambira cha mu Meyi mpaka mu Ogasiti, kumatha masiku atatu kapena anayi phiri osaoneka, kamvula kowaza kosalekeza, zovala pa chingwe osauma. Tiyi wa m'minda yotizungulirayi amakondwa nayo nyengo imeneyi, koma chinthu chomwe chanyowa m'buti sichipeza dzuwa lochiumitsa. Onjezanipo matumba onyowa a ndiwo zamasamba a ku Bvumbwe, nsapato zamatope, nanazi zokha madzi. Buti ya galimoto yogwira ntchito kuno ndi malo achinyontho, ndipo ine ndinaikamo thabwa lomwe mdani wake wamkulu ndi madzi.

Ndinapita ndi chibokosi chowolacho kwa amalume anga, omwe akhala akupala matabwa kuyambira ine ndisanabadwe. Anachitembenuza, n'kunyema kachidutswa, n'kukapekesa m'manja mpaka kanasanduka ufa.

"Iwe, zimenezi ukuti ndi matabwa? Uwu ndi utuchi womata. Bwanji sunabwere kuno poyamba?"

Analowa m'shedi, n'kutsitsa thabwa lomwe linali pamwamba pa mitanda. Atangolipala kamodzi ndi pulena, fungo linadzaza shedi yonse. Unali mkungudza, womwe anauchotsa pa chitseko cha nyumba ina yakale yomwe ankaikonza zaka zambiri zapitazo.

"Uwu chiswe sichiyandikira, madzi suopa. Ukapangira uwu, udzasiyira ana ako."

Sananame. Mkungudza wa m'phiri la Mulanje suwola msanga ndipo tizilombo timaudana. Koma ndinakana, ndipo zinanditengera nthawi kuti ndiwafotokozere bwino chifukwa chake, popeza maganizo awo anali a ng'oma. Iwo anati ng'oma yabwino ndi mtengo wake, ndipo n'zoona: ng'oma za tchopa zija timamva ku Chonde, chikopa chimalira koma mtengo nawonso umayankha, n'chifukwa chake wosema amasankha mtengo mosamala. Bokosi la sabuwufa limafuna zosiyana ndi zimenezo. Sipika ikamakankha mpweya kutsogolo, kumbuyo kwake imakhala ikukoka. Mawu otsika funde lake ndi lalitali kwambiri. Pa 40 Hz, kutanthauza kugwedezeka ka 40 pa sekondi, limafika mamita 8 ndi theka, kutalika kwa Probox kawiri. Popanda chotchinga, mpweya wa kutsogolo umangozungulira m'mphepete kukadzaza kumbuyo, ziwirizo n'kufafanizana. Yesani kugwira sipika ya mainchesi 12 m'manja ikulira: imavina mwamphamvu koma besi osamveka. Ntchito ya bokosi ndi kutsekera funde la kumbuyolo, ndipo khoma lililonse lomwe likunjenjemera likuba mphamvu ya sipika n'kumaimba nyimbo yakeyake pamwamba pa nyimbo yanu.

"Ndiye ukufuna ng'oma yosalankhula?"

"Eya amalume. Chikopa chokha ndicho chilankhule."

Anaseka, koma mfundo yachiwiri anaimaliza okha. Thabwa lochekedwa ku mtengo limapuma ndi nyengo. Limafufuma ndi kunyala mopingasa mitsempha yake, ndipo palibe kalipentala wa kuno yemwe sadziwa chitseko chomwe chimathina mu Januwale n'kumasiya mpata mu Okutobala. Pa chitseko mpata wa mamilimita awiri ndi nkhani yaing'ono. Pa bokosi lomwe likuyenera kusunga mpweya, mpata umenewo walipha. Mbawa, mlombwa, bulugamu, onsewa ali ndi khalidwe lomweli, ndipo paini yemwe timagula pa msika nthawi zambiri amakhala asanaume n'komwe. Amadzaumira m'galimoto mwanu, n'kupindika.

Panalinso chifukwa china chomwe sichikhudza mawu. Mkungudza ndi mtengo wa fuko lathu kuyambira mu 1984, ndipo mwachilengedwe umamera m'phiri lino lokha. Ikuluikulu inatha pafupifupi yonse ndi macheka ndi moto, ndipo zomwe zilipo pano ndi mbande zomwe a Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi yozungulira akhala akubzala. Thabwa la amalume ndi lakale, lilibe mlandu. Koma ndikudziwa momwe anyamata amachitira pa siteji: mmodzi akatsegula buti, anzake khumi amasuzumira. Sindinafune kuti mawa wina azikafunsa ocheka matabwa kuti amupezere mkungudza wa bokosi la sipika.

Choncho tinatsala ndi matabwa a kufakitale, ndipo ndinadzera msewu wa Midima kukayendera mahadiweya a mu Limbe.

Chipibodi ndinangoidutsa. Ndi tizibenthu ta mitengo tomata pamodzi, sikuluwu ukaimasula kamodzi siigwiranso, ndipo pa madzi imagonja msanga kuposa MDF. Ndingochenjeza kuti mabokosi ambiri otsika mtengo ogulitsidwa opangapanga, pansi pa kapeti yokongolayo pali chipibodi yopyapyala. Musanagule, linyamuleni mumve kulemera kwake, ndipo suzumirani m'kati ndi tochi ya foni. Bulokubodi ndi yabwino pa zitseko za wadirobu, chifukwa ndi yopepuka ndipo siipindika, koma m'kati mwake ndi timatabwa ta paini tondandalika, ndipo pakati pa timatabwato pamatsala timipata. Pa bokosi la besi timipata timeneto ndi njira ya mpweya.

MDF ndiyenera kuichitira chilungamo, chifukwa sikuti ndi yoipa. Ndi yofanana paliponse, ilibe mfundo, ilibe mphako, imachekeka bwino, ndipo bowo lozungulira la sipika limatuluka losalala. Ndi yolemera, makilogalamu 700 mpaka 800 pa kiyubiki mita imodzi, kotero chithabwa chathunthu cha mamilimita 2440 ndi 1220, chochindikala mamilimita 18, chimafika makilogalamu 40 kapena kuyandikira pamenepo. Ukaigogoda siiyankha kwambiri, ndipo n'chifukwa chake mafakitale ambiri a masipika amaikonda. Ndikanakhala ndi galimoto ya buti youma, yogona m'galaja kudera louma, ndikanaigwiritsanso ntchito popanda kukayika. Ili ndi zofooka ziwiri zokha zomwe zimandikhudza: m'mphepete mwake imamwa madzi ngati siponji ndipo ikafufuma siibwereranso, komanso sikuluwu yolowera m'mphepete imaing'amba ngati sunayambe waboola. Utuchi wakenso ndi wosalala ngati ufa woyera ndipo guluu wake amakhala ndi formaldehyde, mankhwala oipa kuwapuma. Pocheka bokosi loyamba lija ndinalibe chotchinga pamphuno, ndipo ndinatsokomola masiku awiri. Musamatero.

Yotsala inali pulayiwudi, ndipo apa ndi pomwe ndinathera nthawi yambiri, chifukwa pulayiwudi ndi dzina limodzi la zinthu zosiyana kwambiri. Mukaonera mavidiyo a pa YouTube, aliyense akutchula Baltic birch, pulayiwudi yakunja ya magawo 13 pa mamilimita 18. M'masitolo momwe ndinayenda sindinaipeze, ndipo sindinaone chifukwa choilirira. Mphamvu ya pulayiwudi iliyonse ili m'kapangidwe kake: timapepala ta mtengo tomatidwa mosemphanitsa mitsempha, lina chotalika lina chopingasa, kotero gawo lililonse limaletsa linzake kufufuma. N'chifukwa chake siipuma ndi nyengo ngati thabwa wamba, ndipo imagwira sikuluwu mwamphamvu. Ndi yopepukirapo kuposa MDF koma yolimba popindika. Choipa chake n'chakuti yotsika mtengo imabisa mphako m'kati, ndipo mphako imodzi pakati pa khoma imatha kulira ngati njuchi nthawi iliyonse besi ikagunda.

Amalume anandiphunzitsa kusankha kwake. Usayang'ane nkhope ya thabwa, yang'ana m'mphepete. Werenga magawo, akachuluka ndiye bwino. Yendetsa maso mbali zonse zinayi kufunafuna mabowo ndi malo omwe magawo akwerana. Ona mtundu wa mzere wa guluu: wakuda kapena wofiirira kwambiri nthawi zambiri ndi uja wosaopa madzi, womwe umakhalanso mu marine ply, pulayiwudi yopangira maboti, pomwe woyera ndi wa mipando ya m'nyumba. Kenako gogoda ndi nkhonya paliponse, kumvetsera pomwe pakumveka ngati chigubu. Pomaliza imika thabwalo, tsinzina diso limodzi, uone ngati lili lowongoka. Mnyamata wa m'sitolo ina anatopa nane, koma anandipatsa tizidutswa ta mitundu itatu tomwe tinatsala pocheka za anthu ena.

Zomwe amalume anachita ndi tizidutswato sindidzaiwala. Anatenga kampoto kakale komwe amasungunuliramo zinthu, n'kuthiramo madzi, n'kuika pa mbaula. Anaponyamo tizidutswa titatu tija, n'kuwonjezera kachidutswa ka MDF yatsopano. Tinakhala pa benchi tikudya chinangwa chophika, madzi akubwata. Pasanathe nthawi yaitali, ka MDF kanatupa n'kuyamba kunyenyeka, madzi n'kuda bii. Kachidutswa ka guluu woyera kanatseguka ngati masamba a buku lonyowa. Kachiwiri kanalekana pakona imodzi. Kachitatu, ka magawo 9 ndi mizere yakuda, anakavuula ndi pulayazi patatha maola awiri, n'kuyesa kulowetsa tchizulo pakati pa magawo. Sikanalole.

"Kagule iyi," anatero, n'kukaponya pa miyendo panga kakadali kotentha.

Inali yodula kuposa zinzake. Koma bokosi limodzi silimaliza chithabwa chathunthu, ndiye ndinagawana mtengo ndi mnzanga woyendetsa Sienta pakati pa Limbe ndi Muloza, yemwenso ankafuna lake.

Pa kuchindikala, musatsike pansi pa mamilimita 18 ngati sipika ndi ya mainchesi 12. Kulimba kwa thabwa popindika sikukwera mofanana ndi kuchindikala kwake, kumakwera mofulumira kwambiri: la mamilimita 18 ndi lolimba koposa katatu kuyerekeza ndi la mamilimita 12 la mtundu womwewo, ndipo ukaphatikiza awiri ndi guluu kukhala limodzi, kulimbako kumachuluka ka 8. Ife tinaphatikiza awiri kutsogolo kokha, komwe sipika imakhala, kukhala mamilimita 36, chifukwa khoma limenelo ndi lomwe laboola chibowo chachikulu komanso likunyamula kulemera konse. Makoma enawo tinawalimbitsa ndi mtanda wa m'kati: kachidutswa ka pulayiwudi yomweyo kogwira makoma anayi, kobooledwa pakati ngati zenera kuti mpweya uziyenda. Ndinagogoda khoma la kumbuyo tisanaike mtandawo, linati bu bu. Titauika linati tho tho, mawu aafupi ouma. Kusintha kumeneko ndi kwakukulu kuposa kusiyana kulikonse komwe khutu langa lingamve pakati pa MDF ndi pulayiwudi. Anthu amakangana kwambiri pa Facebook kuti ndi thabwa liti lomwe "limalira bwino", koma bokosi la MDF lomangidwa bwino ndi la pulayiwudi lomangidwa bwino, mutaziika m'buti injini ikulira, sindikhulupirira kuti mungazisiyanitse. Ine ndinasankha pulayiwudi chifukwa cha mvula ya kwathu, osati chifukwa cha khutu.

Pa misomali tinatsutsanako pang'ono. Dzanja la amalume linazolowera hamala, ndipo pa mipando yawo misomali siivuta. Koma bokosi ili limagwedezeka maulendo makumi angapo pa sekondi iliyonse, ndipo msomali umasololoka pang'onopang'ono. Chomwe chimagwira bokosi ndi guluu wa matabwa, woyera uja, wopakidwa mokwanira mpaka atuluke m'mphepete ukamanga. Masikuluwu ntchito yake ndi kufinya matabwa pamene guluu akuuma. Tinkayamba taboola kabowo kakang'ono pa sikuluwu iliyonse, motalikirana ngati kutambasula kwa dzanja. Ndipo kucheka kukhale kowongoka. Guluu samadzaza mpata wosiyidwa ndi sowo yokhota. Apa luso la amalume linaposa chilichonse chomwe ndinaphunzira pa intaneti. Makona awo ankakumana osasiya polowa ngakhale pepala.

M'kati, m'makona monse, tinapakamo silikoni. Ngati silikoni wanu akununkha ngati viniga, ndiye kuti akutulutsa asidi pouma, choncho siyani bokosi lotsegula tsiku lathunthu kapena awiri musanamangemo sipika. Kenako tinabwera pa gawo lomwe ndinalidumpha ulendo woyamba: kutseka thabwa kuti madzi asalowe. Ngakhale pulayiwudi yabwino imamwa madzi m'mphepete momwe yachekedwa. Tinagula resin ya fibreglass, ija amagwiritsa ntchito okonza mabampala, n'kupaka m'mphepete monse, pansi ponse, ndi m'kati. Ulendo woyamba thabwa linamwa yonse n'kuuma ngati sitinapake. Wachiwiri ndi pomwe panawala. Imeneyi pakirani panja, fungo lake limapweteketsa mutu. Amene sangaipeze, vanishi kapena penti wa mafuta wopaka katatu amathandiza ndithu. Pansi pa bokosi tinakhomerapo timizere tiwiri ta labala todula ku tayala lakale, kuti likwere sentimita imodzi kuchoka pansi pa buti.

Kapeti ndinaiganizira kawiri. Imakongoletsa, imabisa zolakwika, koma ndi yomwe inasunga madzi pa bokosi loyamba lija ngati chinsanza chokolopera. Ulendo uno ndinamata kapeti pamwamba ndi m'mbali mokha, n'kuilekeza masentimita atatu isanafike pansi. Kunsi kwake ndi penti wakuda basi. Palibe amene amaonako.

Kukula kwa bokosi si nkhani ya thabwa, koma kumalamula momwe muchekere, ndiye ndikutchuleko. Sipika iliyonse ili ndi kuchuluka kwa mpweya komwe imafuna kumbuyo kwake. Masamu ake anayalidwa ndi Neville Thiele wa ku Australia mu 1961, n'kudzawonjezeredwa ndi Richard Small m'zaka za m'ma 1970, ndipo ndi manambala aja mumawaona pa kapepala ka m'katoni: Fs, Qts, Vas. Simukuyenera kuwawerengera nokha, chifukwa opanga ambiri amalemba kale kukula kwa bokosi. Kapepala kanga kanati malita 35 pa bokosi lotseka. Ngati kanu kalemba mu cubic feet, imodzi ndi malita 28.3. Cholakwika chomwe ndimachiona kawirikawiri ndi kuyeza kunja. Malitawo ndi a m'kati. Langa m'kati ndi masentimita 40 ndi 35 ndi 27, zomwe zikupereka malita 37.8, ndipo ukachotsapo malo omwe maginito a sipika ndi mtanda uja zatenga, umatsala pafupi ndi 35. Pocheka, kumbukirani kuwonjezera kuchindikala kwa thabwa mbali zonse.

Mnzanga wa Sienta uja anasankha bokosi la bowo lopumira, la paipi ya PVC ya mamilimita 110, chifukwa amafuna besi yomveka patali akaima pa Limbuli. Limalira mokweza ndithu, makamaka pa amapiano. Koma ndi lalikulu kwambiri, ndipo utali wa paipi ukalakwika, besi imangogunda pa noti imodzi. Komanso bowolo ndi khomo: chinyontho chimalowa, mphemvu zimalowa. Lake tinalipaka resin m'kati mowirikiza. Ine ndinakhala pa lotseka chifukwa ndimamvera reggae ndi nyimbo za kwaya, ndimafuna kumva chingwe chilichonse cha gitala ya besi pachokha, komanso buti yanga iyenera kutsala ndi malo a katundu.

Zing'onozing'ono ziwiri zomwe anthu amaziiwala. Polowera waya ndi pomwe mabokosi ambiri amadontha mpweya. Timakapu ta pulasitiki tolumikizirapo mawaya n'topyapyala, ndiye ife tinangoboola timabowo tiwiri, n'kulowetsa mabawuti, waya kumangirira mbali zonse, silikoni pozungulira. Chachiwiri, mangani bokosilo ku galimoto. Langa ndi sipika yake limapitirira makilogalamu 20, ndipo mu Probox palibe khoma pakati pa buti ndi mitu ya anthu okhala kumbuyo. Pa msewu wathuwu, pomwe njinga ya kabaza kapena mbuzi imatulukira mwadzidzidzi, buleki yadzidzidzi ndi ya tsiku lililonse. Ndinalimanga ndi malamba awiri ku zitsulo za pansi. Labala ya chitseko ija ndinasintha bokosi lisanalowe n'komwe.

Tsiku lomangira sipika, ndinayamba ndakankha pepala lake la kutsogolo, lija limavina, pang'onopang'ono ndi zala zotambasula. Linalimba, ndipo nditasiya linabwerera mwaulesi, chizindikiro chakuti mpweya ulibe pothawira. Tinalumikiza mawaya, n'kuika nyimbo ya besi yolemera. Galasi la kumbuyo linayamba kunjenjemera, nambala puleti n'kumalira, ana a pafupi n'kuthamangira ku shedi. Amalume sanayang'ane sipika. Anagwada, n'kuika chikhatho pa khoma la m'mbali, kenako la kumbuyo, kenako pamwamba, maso ali chotsinzina.

"Latseka pakamwa," anatero.

Bokosili ladutsa dzinja limodzi lathunthu ndi chiperoni chimodzi. Mwezi uliwonse ndimamasula malamba, n'kulipendeketsa, n'kupapasa kunsi kwake ndi m'makona. Kamodzi ndinapeza madzi pansi pa buti, thumba la kabichi litakha usiku wonse, koma anangodutsa pakati pa timalabala tija osakhudza thabwa. Nambala puleti ndinaiika kasiponji kumbuyo. Thabwa la mkungudza lija amalume analibwezera pamwamba pa mitanda, ndipo akuti adzapangira mdzukulu wawo bokosi losungiramo zovala akamadzapita ku sekondale.